Kumene Phula Lathera

Kwathu kuno njinga si chidole. Imanyamula chimanga kupita kuchigayo, thonje kupita kumsika, mbuzi yomangidwa miyendo, mayi woyembekezera kupita kuchipatala usiku, ndipo tsiku lina imanyamulanso bokosi. Ndiye munthu akamadzuka Loweruka lililonse n'kumapalasa popanda komwe watumidwa, keliyala ili yopanda kanthu, anthu amamuyang'ana kawiri. Ine ndine mmodzi mwa oyang'anidwa kawiriwo. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuzungulira m'njira za fumbi za ku Machinga ndi ku Balaka, ndipo lero ndati ndikuuzeni zinayi zimene ndimazikonda, komanso chimene chikundisowetsa mtendere pa imodzi mwa izo.

Masewero okwera njinga m'mapiri ali ndi kwawo. Anayambira ku Marin County, ku California, m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata ena ankatsetsereka paphiri la Tamalpais ndi njinga zakale za matayala onenepa. Pofika 1996 anali atalowa m'masewero a Olympics ku Atlanta. Ku South Africa kuli mpikisano wa Cape Epic umene unayamba mu 2004, wa masiku asanu ndi atatu. Kuno ku Malawi ukafunsa okonda masewerowa, akutchulira Luwawa ku Viphya, Nyika, kapena phiri la Zomba. Machinga ndi Balaka sizimveka. Kulibe chikwangwani cholozera, kulibe amene anakhala pansi kukonza njira yoti anthu azisangalalamo. Njira zathu anazijambula ndi mapazi a amayi opita kumjigo, matayala a anyamata a kabaza, ng'ombe zopita kudambo ndi madzi a mvula. N'chifukwa chake ndimazikonda. Iliyonse ili ndi komwe ikupita komanso chifukwa chake.

Ine njinga ndinaphunzirira pa Humber ya bambo anga, yakuda, yolemera ngati chitseko cha sitolo. Chishalo sindinkachifikira, ndiye ndinkalowetsa mwendo pansi pa felemu n'kumapalasa chopendekera, monga anachitira ambiri a inu. Nditakula n'kuyamba ntchito ya pampando ndinaiwala zonsezo, mpaka tsiku limene a dokotala anandiyeza magazi n'kundifunsa ngati ndikufuna kudzaona zidzukulu. Anati mapiritsi alipo, koma thupi lizigwiranso ntchito. Mwezi womwewo ndinakagula njinga ya kaunjika ku Zomba, ya magiya 21 ndi matayala a mano. Ndi yomweyo mpaka lero. Penti inasupuka, foloko imalira, koma sinandisiyepo m'tchire.

Woyamba kumene ndimamutengera ku Ulongwe. Mukachoka pa Liwonde, mwawoloka baraji ya Kamuzu ija inamangidwa mu 1965, n'kukhotera kumanja pa Mangochi Turn-off, muyenda paphula mpaka pa Ulongwe. Pamenepo pali msewu wafumbi wolowera kum'mawa, makilomita oposa khumi, wokathera kumtsinje wa Shire, kumene alendo opita ku Mvuu amakwerera boti. Kulibe chitunda ngakhale chimodzi. Mumadutsa pakati pa milambe ikuluikulu, migwalangwa, mizikiti ing'onoing'ono yopakidwa laimu, minda ya nandolo, ndi ana okuthamangirani kumbuyo mpaka atatopa. Mukapereka moni wa Chiyao, “Ali uli?”, nkhope zimamasuka nthawi yomweyo, ngakhale Chiyao chanu chithere pomwepo.

Mdani wa njira imeneyi ndi mchenga. Umabwera mwadzidzidzi, tayala lakutsogolo n'kuyamba kuvina lokha. Anandiphunzitsa kuwoloka kwake ndi anyamata a kabaza, amene amadutsa pomwepo atanyamula mlendo ndi chikwama chake chachikulu. Akuti tsitsa giya usanalowe, khalira kumbuyo kwa chishalo, osaumitsa manja, buleki yakutsogolo usayikhudze, maso akhale kumene mchenga wathera. Ukayang'ana pansi, ugwa pansipo. Achotsenso mpweya pang'ono m'matayala. Iwo alibe magiya, alibe chisoti, koma mchenga amauwerenga ngati nyuzipepala.

Kumapeto kwa njirayi kuli mpanda wamagetsi wa Liwonde National Park. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2015, ndipo kuyambira pamenepo abwezeretsamo akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018. Ndiye amene akulota zopalasa m'kati mwa paki aiwale basi, mpanda ndiwo malire. Mayi wina amene ndimagulako zitumbuwa chakufupi ndi kumeneko anandiuza kuti mpandawo usanalimbe ankagona kumunda ndi zitini ndi moto, kulimbana ndi njovu pa chimanga chawo chomwe. Anati tsopano amagona m'nyumba, koma nkhuni ndi udzu zatalika. Ananena zonse ziwirizo mpweya umodzi, akutembenuza chitumbuwa m'mafuta.

Njira yachiwiri ndi ya anthu opirira: kuchoka pa Balaka kulowera ku Utale mpaka ku Nkaya. Iyi muinyamukire tambala wachiwiri, chifukwa dzuwa la ku Balaka likafika pamutu silikambirana ndi munthu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Dziko lake ndi lathyathyathya, la thonje, tsanya ndi mithethe. Ku Utale kuli mishoni yakale ya Akatolika, imene ansembe a Montfort anatsegula mu 1908 pafupi ndi mtsinje wa Rivirivi, ndipo kumeneko kunalinso malo osamalira odwala khate. Njerwa zofiira za nyumba zakalezo ndi mitengo ya mango zimakupatsa mthunzi woyamba weniweni chichokere pa boma.

Dothi la kumeneku ndi makande. M'chilimwe limang'ambika ming'alu, ndipo mapazi a ng'ombe amene anaponda nthawi ya mvula amauma ngati konkire, moti manja amachita dzanzi ndi kugwedezeka. Mvula ikagwa, dothi lomwelo limakakamira pakati pa tayala ndi foloko mpaka njinga kukana kuyenda, n'kusanduka katundu wa paphewa. Walira mvula walira matope, koma matope a ku Utale ndi ena. Minga nayo ndiye musanene. Chubu chapadera, mpope, zigamba ndi sulushoni zisachoke m'thumba. Komabe mukasowa pogwira musadandaule kwambiri, pafupifupi pamsika uliwonse pali mtengo umene pansi pake pakhala wokonza njinga, ndi beseni lake la madzi akuda lofufuzira pobooka. Anthu amenewa amatha kuwongola limu yopindika ndi bondo ndi sipanala imodzi yokha.

Mphoto ya njira imeneyi ndi sitima. Pa Nkaya ndi pamene njanji yochokera ku Blantyre imakumana ndi yopita ku Nayuchi, yomwe inatsegulidwa mu 1970 kuti dziko lathu lifike kudoko la Nacala. Masiku ano pamadutsa sitima zamalasha zochokera ku Moatize, zazitali moti umayamba kuwerenga mabogi, n'kusokonezeka, n'kuyambiranso, sitima isanathe. Umaima pambali, phazi limodzi pansi, limodzi papedulo, pamodzi ndi mayi wosenza mtolo wa nkhuni ndi mwana woweta mbuzi, nonse kudikira chuma cha eni chidutse. M'dera lomweli muli phiri la Kangankunde, limene kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ikukonza zokumbamo miyala yosowa yogwiritsa ntchito popanga maginito a zipangizo zamakono. Amene akufuna kuona njira za kuno zili zachete, ayende pano.

Koma mtima wanga uli kunjira yachitatu. Mukaima pa Liwonde n'kuyang'ana chakummwera ndi kum'mawa, muona mzere wa mapiri: Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala, kutsetserekera kunyanja ya Chilwa. Mbali yaikulu ya mapiriwa ili m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, kuyambira nthawi ya atsamunda. Phiri la Chikala linali linga la mfumu Kawinga, ndipo asilikali a Angerezi analilanda mu 1895 atalephera poyamba. Ukakwerako ndi njinga umamvetsa chifukwa chake analephera. Pali malo amene giya yotsikitsitsa imathera, iwe n'kutsika, n'kuyamba kukankha. Pali ena amene ngakhale kukankha sikutheka, njinga imakwera iwe. Chonsecho pamwamba pa Chaone pali midzi, pali sukulu, pali anthu amene thumba la feteleza ndi malata a nyumba amakwera nazo pamutu m'njira yomweyo imene ine ndimapumira katatu ndili chimanjamanja.

Zimene umapeza ukafika pamwamba sizisimbika bwino, koma ndiyesa. Mphepo imasintha, imazizira pakhosi. Pansi pako pali minda ya mpunga ya kwa Mposa, mabango, kenako Chilwa yatambalala ngati lata, chilumba cha Chisi chili pakati. Kukayera bwino umaona mpaka Mulanje. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya, choncho imakula ndi kuchepa motsatira mvula. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anagona pamatope. Madzi ake ena amachokera m'mapiri omwe waimapowa. Potsika ndiye pali chisangalalo chonse cha masewerowa: miyala yoterera, mizu yopingasa, makona obisika m'nsungwi, zala ziwiri pabuleki, matako kumbuyo kwa chishalo, mtima uli m'khosi. Ikakhala nthawi ya masuku umatsika matumba atatupa. Chenjerani ndi chitedze chokha, sichiona kuti njinga yanu ndi ya magiya angati. M'munsi mwa mapiri omwewa mulinso zipilala za Malape, kumene madzi anasema dothi n'kusiya nsanamira zitaima ngati mabwinja a tchalitchi.

Njira zabwino kwambiri za m'mapiriwa, zosalala, zokhota bwino, zodziwa kuzemba thanthwe, ndi za anthu a makala. Izi ndi zoona zimene wokwera njinga aliyense wa kuno amadziwa. Tsiku lina m'mamawa ndikukwera, ndinamva mluzu kumtunda. Ndinapatuka msanga. Anatsika bambo wina wamsinkhu wanga, matumba atatu a makala atawamanga ndi malegeni, limodzi pamwamba pa linzake, kutalika kuposa mutu wake. Njinga yake inalibe mapedulo, zitsulo zokha. Buleki yake inali nkhwaira ya tayala imene ankapondetsa patayala lakumbuyo. Anaima pathanthwe kuti apume, thukuta lili chuchuchu, n'kuyang'ana njinga yanga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

“Mwaswera, achimwene. Mukupita kwa ndani kumtundaku?”

“Kwa aliyense ayi, bambo. Ndikungoyenda.”

“Kungoyenda? Phiri lonseli?” Anaseka mpaka kutsokomola. “Nanga njinga yabwino chonchi, keliyala mulibe? Imeneyitu itanyamula anayi.”

Ndinamufunsa kuti wanyamuka nthawi yanji. Anati uvuni anafukula dzulo madzulo, wagona konko, ndipo akufuna akafike kumsewu dzuwa lisanakwere, a zankhalango asanadzuke. Akamugwira, makala apita, njinga yapita. Anati kale ankawotchera pafupi, kuseri kwa mudzi, koma tsopano mitengo yoyenera ili kutali, mtunda wa maola. Chaka chimenecho chimanga chake chinapserera, ndipo kunyumba kunali mwana wa fomu 2 wodikira fizi. Kenako anandilangiza kuti pakona yachitatu ndidzere kumanzere chifukwa kumanja madzi anadya, anaimba mluzu wake, n'kutsetsereka. Kutsika kumene anatsika munthu uja, ndi katundu wolemera kuposa iye mwini, pa njinga yopanda buleki, sindikudziwa ngati akatswiri a pa kanema angakuyerekeze.

Nkhani yake yandikhala chifukwa phirilo likusintha ndikuona. Malo amene zaka zoyamba ndinkapalasa mumthunzi wa mitengo ya mombo ndi misuku, lero ndi zitsa ndi mabala akuda a mauvuni. Mthunzi ukachoka dothi limauma, mvula ikabwera silimwa madzi, limangowapereka kunjira. Madzi saiwala khwawa, ndipo njira ya njinga ndi khwawa lokonzeka kale. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, tinjira tina timene ndinkatidziwa ngati chikhatho changa ndinakapeza tili zigwembe zofika m'chiuno. Mitsinje ing'onoing'ono imene ndinkatsukamo nkhope mu Seputembala tsopano imauma Julayi asanathe. Dothi lochoka kumeneko limakathera m'minda ya mpunga, mu Chilwa, ndi mbali inayo mu Shire, mtsinje umene umatipatsa magetsi ambiri a dziko lino.

N'kosavuta kuloza chala bambo uja. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera, ndipo matumba amalandidwa m'misewu. Koma matumbawo ali ndi komwe akupita. Akupita ku Liwonde, ku Balaka, ku Zomba, ku Blantyre, m'makhitchini a anthu ovala mataye, kumene mbaula imayaka kaya magetsi alipo kaya azima. Iye amangotenga gawo lochepetsetsa la ndalamayo, ndi gawo lalikulu la ngozi. Ine phiri ndimalifuna lamthunzi kuti magazi anga atsike. Iye amalifuna kuti mwana wake alembe mayeso. Tonse tikupalasa njira imodzi, ndipo ikadzatha idzatithera tonse, koma woyamba kugona ndi njala sadzakhala ine.

Njira yachinayi ndingoitchula mwachidule, chifukwa ndi ya tsiku lathunthu ndipo imafuna mnzako. Kuchokera ku Nsanama kulowera kum'mawa, kutsata njanji kudzera ku Namanja mpaka ku Nayuchi, mumayenda pamtunda wamchenga umene unalekanitsa Chilwa ndi Chiuta. Kumanja madambo a nyanja ina, kumanzere a inzake, kumwamba mbalame zam'madzi. Kutsogolo ndi Entre Lagos, Mozambique. Kumeneko njinga ndiyo mfumu ya msewu: madengu a matemba ndi milamba yowamba, matumba a mpunga, shuga, zitenje, zonse pakeliyala. Mukafika pa Nayuchi idyani nsima ya mlamba, mupume, musamakangane ndi mwera chifukwa simuwina.

Amene mwakopeka, pali mwambo wake. Wonyamula katundu ndiye mwini njira, kaya akukwera kaya akutsika, mupatukireni. Pamudzi chepetsani liwiro, pali ana ndi nkhuku. Pamaliro tsikani, muyende chokankha mpaka mutadutsa masamba oikidwa pamsewu. Pamanda ndi pamsasa wa chinamwali si pojambulira zithunzi. Mukafuna kukwera phiri lachilendo, yambani mwaonekera kwa a mfumu, ndipo mutenge mnyamata wa pamudzipo akutsogolereni, mumulipire bwino osachita kunenerera ngati mukugula tomato. Safunsa anadya phula. Madzi nyamulani okwanira, mijigo ina ya ku Balaka ndi yamchere. Thobwa, nthochi ndi chinangwa chophika gulani komweko, ndalama yanu itsale m'njira imene mwasangalalamo. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, matope atauma, kutentha kusanafike.

Mwina muziti kugula thobwa sikungapulumutse phiri, ndipo mukunena zoona. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndaona ndi maso. Mitengo ya m'mapiri athuwa siifa msanga. Chitsa cha mombo chikasiyidwa, osachiwotcha, osachidulanso, chimaphuka, chifukwa mizu yake imakhala idakali moyo pansi. Pali mudzi wina m'mphepete mwa phiri kumene a mfumu ndi anthu awo anagwirizana kusiya kachigawo kena, n'kumalambula njira yotchinga moto chaka chilichonse udzu usanaume. Sanadzale mbande ngakhale imodzi. Pamene ndinkayamba kudutsapo mphukira zinkandifika m'mawondo. Chaka chatha ndinachita kuwerama kuti nthambi zisandikwapule kumaso, ndipo amayi anali m'katimo akuzula bowa. Ming'oma ya njuchi yapachikidwa m'mitengo ikuluikulu yotsala, ndiye wobwera ndi nkhwangwa amaganiza kawiri.

Kachigawoko n'kakang'ono, kupalasa mphindi zitatu kokha watulukamo, wabwerera padzuwa ndi pazitsa. Koma mnyamata amene amanditsogolera kumeneko, yemwe kale ankathandiza amalume ake kufukula mauvuni, tsopano amasunga nambala za anthu asanu ndi mmodzi a ku Zomba ndi ku Blantyre amene amamuimbira akafuna kukwera. Sizimukwanira, amalimabe, ndipo sindinamufunse ngati makala anasiyiratu. Anandipempha chinthu chimodzi: ndikadzapeza tayala la mano, ngakhale lakutha, ndidzamusungire, chifukwa akufuna aone ngati angakwere Chaone osatsika panjinga. Tayalalo ndalipeza. Mvula ikangosiya ndikukamupatsa, ndipo amene ali ndi njinga ndi miyendo, malo alipo. Tidzanyamukira pa Liwonde, 5 koloko m'mawa.